Funsani Ankolo: Kasitomala wasintha maganizo ntchito ili pakati, ndalama ndibweze?

Mwezi uno mameseji ambiri amene alowa pafoni ya tsamba lino ndi a anthu a ntchito zamanja, matelala, owotcherera, ophika makeke, omanga nyumba, ndipo kulira kwake ndi kumodzimodzi, munthu wapanga oda, mmisiri wagula katundu wayamba ntchito, kenako munthu uja akuti basi zasintha. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula pang'ono poti anali aatali, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ankolo, ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la golosale ina kuno ku Ndirande. Mwezi watha kunabwera amayi awiri kudzapanga oda ya yunifomu ya chinkhoswe, madiresi 12 a akuchikazi, zitenje anabwera nazo okha ine yanga inali kusoka ndi kugula lining, zipi ndi ulusi. Tinagwirizana K25,000 diresi imodzi nde zonse K300,000, anapereka hafu. Ndinawayeza onse, nsalu zonse ndinadula, madiresi 7 ndinamaliza mpaka kusita, kenako ndangolandira foni akuti chinkhoswe chija kulibe, zadziwika kuti mnyamata uja ali ndi mkazi wina kumudzi kwawo. Pano akufuna K150,000 yawo yonse ndi zitenje zomwe, eti poti madiresiwo sawavalanso. Vuto lina mmodzi mwa amayiwa timapemphera mpingo umodzi, ndi mkulu wa kumvano. Nditani ine? (Telala, Ndirande)

YANKHO: Mayi, pepani kaye, komanso tiwamvetse akuchikaziwo chifukwa nawo zawo sizili bwino, mwana wawo akulira, zitenje anagula, uthenga unali utafika kale kwa abale onse. Munthu akapsa mtima chonchi amafuna pena pake poti abwezereko kangachepe, nde telala ndi amene ali pafupi. Koma mnyamatayo simunawapezere ndinu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Madiresi 7 omwe mwamaliza pa K25,000 imodzi ndi K175,000. Apa mwaona kale kuti ntchito yomwe yatha yadutsa dipoziti ija ndi K25,000, tisanayambe kuwerengera kuyeza ndi kudula kwa madiresi 5 otsalawo, pomwe telala aliyense akudziwa kuti podula ndi pomwe pali mutu wa ntchito, ukalakwitsa pamenepo chitenje chapita. Ndiye kunena mosapsatira amene ali ndi ngongole si inu, ndi iwo. Pa malamulo, mgwirizano wapakamwa ngati wanuwu ndi mgwirizano ndithu, ndipo amene wauphwanya ndi amene amasenza zomwe mnzake wataya. Koma pali mbali ina imene amisiri ambiri sakonda kuimva, umalipidwa pa zomwe wataya zenizeni, si mwayi wopezerapo ayi. Madiresi 5 amene simunasoke simungawalipiritse mtengo wonse ngati kuti munawasoka, ulusi simunagwiritse, zipi zikadali mu kabati, masiku amenewo musokera wina.

Zapafoni zisiyeni, pafoni aliyense amakhala wolusa. Aitaneni abwere pashopu, madiresi 7 aja muwapachike pooneka, zodulazo muike mujumbo iliyonse payokha ndi dzina la mwini wake, pepala la masamu likhale patebulo. Munthu akaona diresi yake yosita bwinobwino ili pa hang'ala, mawu oti ndibwezereni zonse amavuta kutuluka. Ndipo ine ndikukayikira kuti K150,000 imeneyi sinachoke mthumba la amayi awiriwa, inali yosonkherana, aliyense K12,500, nde amene akuwapanikiza ndi anthu 5 aja omwe alibe diresi. Ngati zili choncho nkhani yake ndiyosavuta. Anthu 7 amene diresi yawo yatha amalize balansi yawo, K12,500 aliyense, zikwana K87,500. Pamenepo achotsepo K62,500 abwezere anzawo 5 aja, K25,000 yotsalayo ndi yanu ija. Zodulazo atenge, amene akufuna kuti mumumalizire azibwera payekha mugwirizane mtengo watsopano, diresi ya chitenje sivalidwa pachinkhoswe pokha, kutchalitchi imalowa, kuzikwati za ena imalowa. Za kudula kwa 5 aja ine ndikanangowasiyira, muwauze momveka kuti izi ndakusiyirani chifukwa cha zomwe zakuonekerani, adziwe kuti mwawakomera mtima osati kuti munalibe poyambira.

Za kumvanozo musaope. Pemphani mayi wina wachikulire amene nonse mumamulemekeza adzakhale nawo pokambirana, amve masamuwo ndi makutu ake, chifukwa nkhani ikapita kumpingo popanda mboni imakafika ili telala uja anadya ndalama za chinkhoswe.

Kutsogoloku gulani kabuku ka malisiti kokhala ndi kaboni kaja, mmashopu a zolembera timapezeka. Oda iliyonse yaikulu mulembe mtengo, tsiku lotenga, ndi mzere umodzi uwu: nsalu ikadulidwa dipoziti sibwezedwa. Muwerengereni kasitomala mokweza asanasaine. Mawu amenewa amagwira ntchito akanenedwa poyamba, ukawatulukira tsiku la mkangano amangooneka ngati kuba.

FUNSO: Ankolo zandivuta heve. Ndimawotcherera ku Area 25. Kunabwera bwana wina pagalimoto yabwino kufuna geti la sliding ndi ma burglar bar a mawindo 6, ndinapita kukayeza kunyumba kwawo, nditanena za dipoziti anaseka nkuti mphwanga ine sindingathawe, nyumba yanga waiona, ndikupatsa zonse mwezi ukatha. Ndinatenga mpamba wanga wonse nkuwonjezera ya banki mkhonde ya akazi anga, zonse K650,000, ndinagula ma square tube, ma sheet, ma rod, ma disc ndi penti. Geti latha, ma burglar atsala awiri. Ndawaimbira akuti apeza wina wotchipa ndisavutike. Pano foni sakuyankha, ku WhatsApp akungowerenga osayankha. Ku banki mkhonde chiwongola dzanja chikukwera, kunyumba kulibe mtendere. Anzanga akuti ndiwaponye pa Facebook ndi chithunzi cha nyumba yawo kapena ndikawasumire kupolisi. (Wowotcherera, Lilongwe)

YANKHO: Achimwene, galimoto si dipoziti. Izi mwaziona nokha nde sindibwerezanso, tiyeni tione populumukira.

Choyamba ndi ngongole ya banki mkhondeyo, imeneyo siyidikira bwana wanuyo, mwezi uliwonse ikubereka. Getilo ligulitseni. Lijambuleni bwino masana litaima osati litagona pansi pakati pa zidutswa, muike pa status ndi mmagulu a zogulitsa, liimikeni panja pa shopu pomwe anthu odutsa aliona, Area 25 ndi madera oyandikira anthu akumanga mipanda tsiku lililonse. Ngati kukula kwake sikukugwirizana ndi mpanda wa wogula watsopano, ndinu mmisiri, kudula kapena kuwonjezera pang'ono ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ma burglar ndi omwe avute chifukwa mawindo amasiyana, awiri otsalawo musapangenso, zitsulo zake zisungeni zidzagwira oda ina. Koma musanagulitse atumizireni meseji yaulemu, yopanda chipongwe ngakhale chimodzi: geti lomwe munandituma latha, ndawononga ndalama zakuti, ngati simulitenga pofika tsiku lakuti ndiligulitsa ndipo zomwe nditaye ndidzakufunsani. Mesejiyo musafufute, malisiti a ku hardware musataye, ndipo mulembe mtengo womwe mwagulitsira. Chifukwa chake ndi ichi, mukadzapita kukhoti adzafuna kuona kuti munayesetsa kuchepetsa kuluza kwanu, munthu sumangokhala geti likuchita dzimbiri nkumati wina adzalipira zonse. Chomwe mungawafunse bwanawo ndi kusiyana kwa zomwe munagwirizana ndi zomwe mwapeza pogulitsa.

Zakupolisi, kawirikawiri akakuuzani kuti iyi si nkhani yakuba, ndi ya mgwirizano wa anthu awiri, pitani kukhoti. Ndipo akhala akunena zoona. Kukhoti la majisitireti kuli njira ya milandu ing'onoing'ono ya ndalama yomwe munthu umatha kudziyankhulira wekha popanda loya, mukafunse kwa akalaliki a pakhotipo akuuzani zolemba ndi zolipira. Mameseji a pafoni amatha kukhala umboni, lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act linawazindikira. Koma muwerengere bwino, masiku omwe muzikhala pabenchi la kukhoti ndi masiku omwe shopu yatseka. Ngati mutagulitsa geti mwangotaya K50,000 mwina bola kumeza malovu, ngati ndi K300,000 pitani. Musanafike konseko yesani kupita kwawo masana ndi munthu wachikulire, kaya block leader wa dera lawolo, anthu oterewa amaopa manyazi pamaso pa aneba kuposa samani.

Za Facebook ayi. Lamulo lomwe lija la 2016 lilinso ndi milandu ya kuzunza ndi kunyoza munthu pa intaneti, ndipo mukaika chithunzi cha nyumba ya munthu nkumutchula kuti wakuba, mawa wodandaula akhala iyeyo, inu mukhala woyankha. Anzanu omwe akukutumaniwo adzangoika timitima ndi kkkk, loya sadzakulipirirani. Komanso makasitomala ena akaona amati uyu tikadzasemphana naye atiyalutsa, nkupita kwa wina.

China chomwe ndimauza aliyense wogwira ntchito ya zitsulo, matabwa kapena simenti, ndalama ya katundu ndi ya leba muzizilekanitsa kuyambira pa koteshoni. Ya katundu ibwere yonse musanayatse makina, kapena mupite naye limodzi ku hardware akalipire yekha, lisiti likhale mdzina lake, akadzasintha maganizo zitsulo ndi zake inu mwangotaya thukuta. Ndipo koteshoni izikhala ndi malire a masiku. Tonse tinaona mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, isanafike pamenepo inali itagwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, mitengo mma hardware inasintha anthu akugona. Amene anali atapereka mtengo popanda kugula katundu anagwira ntchito yaulere, ndipo makasitomala ena anakansela chifukwa mmisiri anabwera ndi mtengo wina. Kulemba kuti mtengo uwu ndi wa masiku 7 sikudya ndalama.

Akazi anu muwaonetse masamu onse ndi pulani yobwezera, kugulu kuja amene akuchita manyazi ndi iwowo.

FUNSO: Ankolo ine si mmisiri, ndine kasitomala koma ndiloleni ndifunse nawo. Ndinapereka K200,000 kwa kalipentala kuti andipangire bedi ndi wadirobu ya mlombwa, anati masabata atatu. Pano miyezi itatu yatha, ndikapita akuti matabwa sanaume, ulendo wina magetsi, ulendo wina mwana wadwala, ulendo wina sindiwapeza nkomwe ndimangopeza anyamata. Ndawauza kuti basi ndasiya andibwezere, akundionetsa pakhoma pomwe analemba ndi penti kuti dipoziti sibwezedwa. Ndalama yanga yapita? (Mphunzitsi, Zomba)

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu ndalikonda chifukwa amisiri ena awerenga mayankho awiri apamwambawa nkuyamba kuomba mmanja, nde amve izi. Mawu oti dipoziti sibwezedwa amateteza mmisiri amene wasunga mbali yake. Amene analonjeza masabata atatu nkufika miyezi itatu popanda chooneka ndi iyeyo waphwanya mgwirizano, inu simunasinthe maganizo, mwatopa. Penti ya pakhoma simupulumutsa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula, lakhala likuchenjeza amalonda pa zikwangwani zija zoti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo limalamula ndithu kuti anthu abwezeredwe ndalama zawo pomwe wamalonda walakwa.

Zomwe zimachitika mmashedi ambiri tikuzidziwa, dipoziti yanu inamalizira mipando ya munthu wina amene anakwiya inu musanakwiye, ndipo bedi lanu likudikira dipoziti ya amene abwere mawa. Sikuti onse amakhala ndi mtima wakuba, mpamba ndi umene umakhala utathera ku lendi ndi fizi, koma unyolo umenewu ukaduka umagwera kasitomala womaliza. Nde pitani, muwapemphe akuonetseni matabwa anu, mlombwa umadziwika, asakuonetseni paini wopaka vanishi. Akakhala kuti alipo ndipo ntchito yayambika, apatseni tsiku lomaliza, mulembe nonse musaine. Akakhala kuti palibe olo thabwa limodzi, ndalama ibwere yonse, ngati alibe pakamodzi alembe kuti azipereka zingati sabata iliyonse pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pazitsala umboni. Amisiri ambiri amakhala ndi komiti yawo pamalo omwe amagwirira ntchito, tcheyamani wake muonaneni, safuna dzina la malo awo liipe. Zikakanika ndi pomwe mupite ku bungwe lija kapena kukhoti.

Kwa akalipentala omwe mukuwerenga, mukaona kuti tsiku simukwanitsa imbani foni ndinu, tsikulo lisanafike. Oda zambiri zimakanselidwa chifukwa cha foni yosayankhidwa osati chifukwa cha kuchedwa kwenikweniko.

FUNSO: Ndimaphika makeke kunyumba. Mayi wina anapanga oda ya keke ya bethide ya mwana wake, ya masitepe awiri, Loweruka. Lachisanu mmawa nditaphika kale masiponji onse, batala ndagula, fondant ndakanda, anandiimbira akulira kuti apongozi awo amwalira akupita kumudzi ku Ntcheu. Sanatchule za ndalama koma ndikudziwa adzafunsa. Dipoziti inali K60,000 ndipo pafupifupi yonse inalowa mu zophikira. Mtima ukundiuza ndibweze, thumba likukana. (Mayi wa makeke, Chilomoni)

YANKHO: Mayi, pamaliro sitiyamba ndi lisiti. Atumizireni uthenga wa chipepeso basi, za keke musatchule, akabwera kumudzi mudzakambirana. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma sanati uotche nyumba yako pomuzimirapo, nde njira ya pakati ilipo, osabweza ndalama koma kusuntha tsiku. Masiponji osakongoletsa mukawakulunga bwino mu pulasitiki amakhala mu filiza masabata angapo, bola magetsi asamazimezime nthawi yaitali. Ngati filiza yanu simuikhulupirira, akongoletseni mwachidule muwadule tizidutswa mugulitse lero lomwe kwa aneba, mmaofesi, kwa ana a sukulu, mupezeko ya ufa ndi mazira. Akadzabwera muwauze kuti dipoziti yanu ilipo, sankhani tsiku lina, mudzangowonjezera ya zomwe zinawonongeka. Mwana uja bethide yake adzaifunabe, ndipo mayi amene mwamuchitira chonchi pa nthawi ya chisoni sapitanso kwa wina, amakubweretserani ndi anzake a kuntchito omwe.

Inde alipo anthu amene amapha agogo awo kawiri pachaka pofuna kuthawa balansi. Musakhale wapolisi wofufuza maliro, mudzanyoza wolira weniweni. Lamulo lanu likhale limodzi kwa onse ndipo lizinenedwa popanga oda: wosintha kudakali masabata awiri ndimubwezera kupatula zomwe ndagula kale, wosintha kutatsala masiku atatu kapena kuchepera dipoziti situluka koma atha kusuntha tsiku kamodzi. Za makeke aukwati a mu December ndi mu nyengo ya zikwati muzilimbitsako kuposa apa, chifukwa pamenepo chomwe mwagulitsa ndi tsikulo, munakana ena kuti musunge iwo.

FUNSO: Ankolo ndine mmisiri womanga. Ndinapeza kontilakiti ya nyumba ya zipinda zitatu, mwini wake ali ku Joni, amatumiza ndalama kudzera kwa mlongo wake. Tinagwirizana leba ya nyumba yonse, ndinakana ntchito ina ya mpanda chifukwa cha iyeyu. Tafika pa window level wanditumizira voice note kuti ntchito yamuthera, tiime kaye sakudziwa adzayambiranso liti. Anandipatsa ya faundeshoni yokha, ya zipupa sanamalize, anyamata anga atatu ndi amayi otunga madzi akundisowetsa mtendere. Pasaiti patsala matumba a simenti 15. Ndigulitse simentiyo ndilipire anthu? Mvula yayandikira, ingouma chabe. (Mmisiri, Mangochi)

YANKHO: Bambo, simentiyo musaigwire. Ndikudziwa mukuona ngati chilungamo, ngongole ali nayo ndi iyeyo, simenti iwonongeka, anyamata ali ndi njala. Koma tsiku lomwe mwatulutsa thumba limodzi pasaiti popanda chilolezo, nkhani yasintha, yachoka pa ngongole yafika pa kuba, ndipo apa nde apolisi amabwera msanga. Dzina loti mmisiri uja amagulitsa simenti ya eni ake likakumatirirani silichoka, a ku Joni amauzana okhaokha mmagulu awo.

Koma maganizo anuwo si oipa, angofunika pakamwa pa mwini wake. Mutumizireni zithunzi za pomwe mwafika ndi za matumbawo, mumufotokozere kuti simenti ikakhala pachinyontho mvula yonseyi idzasanduka miyala, nde pali njira ziwiri, avomere igulitsidwe ndalamayo ilipire anyamata nkuchotsera pa ngongole yake, kapena mlongo wake aitenge akaisunge pouma. Akavomera ayankhe molemba kapena pa voice note yomwe musunge, ndipo pogulitsa mlongo wakeyo akhalepo, awerenge matumba, alandire ndalama ndi manja ake nkukupatsani. Munthu amene ntchito yamuthera kunja nthawi zambiri amavomera, nayenso zimamupepukira.

Kenako yezani ntchito yomwe yachitika. Leba ya nyumba yonse muigawe mmagawo, faundeshoni, zipupa mpaka pawindo, mpaka pa ring beam, denga, pulasitala, pansi, mugwirizane kuti pofika pomwe mwaimapa ndi zingati, muchotse zomwe munalandira, yotsalayo ilembedwe kuti ndi ngongole, mlongo wake asaine, pakhale mboni ina kaya a mfumu a pamalopo. Ya magawo omwe simunafike iwalani, kuithamangitsa kwa munthu amene alibe ntchito nkungotaya ma unitsi. Za mpanda munakana uja zimapweteka koma kaimbireni mwini wake, mwina sanapeze munthu kapena amene anamupeza wamukhumudwitsa kale.

Mulembenso kuti akadzafuna kupitiriza mtengo wa magawo otsalawo mudzakambirana mwatsopano, chifukwa leba ya chaka chino siingakhale ya zaka ziwiri zikubwerazi. Muwachenjezenso molemba kuti zipupa zopanda denga zikanyowa nyengo yonse ya mvula pena zimafuna kukonzanso, makamaka ngati zinamangidwa ndi dothi osati simenti yokhayokha, mawa asadzati munamanga zofooka. Ngati pali mapepala apulasitiki pasaiti phimbani pamwamba pa zipupa musanachoke.

Anyamatawo munawalemba ndinu, sakumudziwa wa ku Joniyo. Akhazikeni pansi, amve voice note ija ndi makutu awo, kangachepe komwe muli nako mugawane poyera, amayi otunga madzi muyambe ndi iwowo poti yawo ndi yochepa ndipo ndi ya ndiwo za lero. Ntchito ikubwerayi gawo lililonse lizilipidwa lisanayambe lotsatira, ndalama ikaima inunso mwaima pomwepo, musamapitirize ndi anyamata pa mawu oti ndikutumiza weekend.

FUNSO: Ndine pulambala ndimakhala ku Chinsapo. Munthu amaimba kuti paipi yaphulika bwerani msanga, ndakwera kabaza, minibasi, zida kumsana, ndafika ku Area 47 akuti aa pepani tapeza wina wapafupi, olo ya thiransipoti osandipatsa. Zandichitikira kangapo. Nditani? (Pulambala, Lilongwe)

YANKHO: Aise, munthu amene madzi akusefukira mkhitchini amaimbira mapulambala atatu nthawi imodzi, wofika woyamba ndi amene wawina, sakuganiza zoti enawo ali mumsewu. Nde musanyamuke ndi foni yokha. Muuzeni atseke kaye pa mita, akutumizireni kavidiyo pa WhatsApp muone ngati ili ntchito yoti nkukwerera minibasi, mumuuze nthawi yeniyeni yomwe mufike osati ndili pafupi muli mbafa, kenako ya thiransipoti yopita ndi kubwerera atumize pa Airtel Money kapena Mpamba, muzati mudzaichotsera pa mtengo wa ntchito. Amene watumiza ndalama saimbiranso wina. Amene akukana kutumiza ya kabaza yokha ndi yemwe uja akanadzakuvutitsaninso pa leba, musiyeni apeze wapafupi wakeyo. Makasitomala anu akale omwe amalipira bwino musawapemphe zimenezi, angakhumudwe, izi ndi za manambala achilendo. Ndipo ngati mwafika kale nkukubwezani pageti, pemphani ya thiransipotiyo mwaulemu kamodzi, musiye nambala kwa mlonda kapena wantchito wa pakhomopo, wapafupi uja nthawi zina amangomanga ndi mphira, pakatha sabata paipi yomweyo yayambanso kudontha.